Nambala Imene a Epp Anaisiya Panjira

Lolemba, 6 Febuluwale

Kompyuta ya m'chipinda chapansi yalira lero m'mawa. Ndinali ndikuthira khofi, amuna anga a Orest akufunafuna magolovesi awo ngati masiku onse. Iwo amvekere alamu ya utsi ikufuna batire. Ine ndinadziwa kuti si utsi. Kulira kumeneko ndinakuika ndekha kalekale ndipo sindinakumvepo chikuikireni.

Ndatsika kapu ili m'manja. Pa sikirini palembedwa kuti chotsala ndi ziro. Ndinakhala pa chitini cha penti.

A Orest ananditsatira nkufunsanso, ngati sanamvepo, kuti kodi timasaka chiyani kwenikweni. Ndawafotokozeranso. Nambala yosagawika, monga 7 kapena 101, imene palibe nambala ina yoigawa bwinobwino kupatula 1 ndi iyo yomwe. Gulu lathu, anthu mazana angapo omwazikana m'mayiko, aliyense amatenga nambala yaikulu pa tsamba la gulu nkuilembetsa dzina lake, kompyuta yake nkumaipera kwa milungu. Pamapeto pamakhala chotsala. Chikakhala china chilichonse, nambalayo ndi yogawika, umatenga ina. Chikakhala ziro, wapeza. Zaka zonsezi ine ndakhala ndikungotenga ina.

Yangayi ndi 15 kuchulukitsa ndi 2, ndi 2, ndi 2, kupitirira ka mamiliyoni makumi awiri, kenako nkuchotsapo 1. Zilembo zake zoposa mamiliyoni sikisi.

Ndalembera Hollis wa ku Oregon, amene amayang'anira gulu. Wayankha msanga. Akuti ndisasangalale kaye, ndipo ndikumbukire lamulo: osauza munthu mpaka makompyuta ena awiri, a anthu ena, a pulogalamu ina, abwereze ntchito yonse. Zitenga sabata kapena kupitirirapo.

A Orest anafunsa ngati iwo si munthu. Ndinati iwo ndi katundu wa m'nyumba, sawerengedwa.

Lachiwiri, 7 Febuluwale

Ku ntchito mutu sunali pamalo. Ndikutsuka mano a mayi wina, iye kukamwa yasa kumandiuza za mpongozi wake, ine ndili pa nambala.

Zomwe ndikudziwa popanda kompyuta. Imathera 9, chifukwa 15 ukaichulukitsa ndi 2 imathera 0 mpaka kalekale, ndiye ukachotsa 1 basi 9. Siingagawike ndi 2, 3 kapena 5, chifukwa mnansi wake wapamwambayo, woposa iyo ndi 1, ndiye amagawika nazo zonse zitatu. Ukaigawa ndi 4 patsala 3, kutanthauza kuti si nambala yodzichulukitsa yokha ngati 49, ndiponso sungaipeze pophatikiza ziwiri zoterozo. Izi ndazilemba pa kapepala kopukutira pakamwa nthawi ya nkhomaliro, dokotala akundiyang'ana cham'mbali.

Chondisangalatsa kwambiri ndi ichi. M'kawerengedwe ka makompyuta, ka 1 ndi 0, imalembedwa 1110 kenako ma 1 okhaokha mpaka kumapeto. Ziro imodzi yokha pakati pa ma 1 mamiliyoni makumi awiri. Mano onsewo, limodzi lokha linaguluka. Ndaitcha Gweru.

Kuisindikiza yonse kungadye mapepala zikwi ziwiri. A Orest akuti ndikayerekeza pa makina athu osindikizira andisiya ukwati.

Chimandizunguza nchakuti Gweru inalipo kale. Agogo anga akutsika sitima kuchokera ku Ukraine inalipo. Mzinda wathu uno wa Moose Jaw kulibe, iyo ilipo, ili phee, palibe woifunsa kanthu.

Lachitatu, 8 Febuluwale

Chidwi chidzandipha ine. Ndinatsegula mbiri ya Gweru pa tsamba, kungofuna kuiona basi. Si ine woyamba kuigwira. Inalembetsedwa chaka chatha ndi munthu wina, C. Epp. Kompyuta yake inakwawa nayo miyezi yambiri, inafika pa 96 mwa 100, kenako mu Okutobala zii. Pa gulu lathu kompyuta ikakhala chete nthawi yaitali nambala imabwerera mu mulu. Yanga inaitola mu Disembala nkuyambira pachiyambi.

Ndafufuza zolemba zakale za gulu. Cornelius Epp, mphunzitsi wa masamu wopuma, analowa gulu ine ndisanalidziwe nkomwe. Wokonda kukalipira achinyamata othamangitsa makina. Pena analemba kuti kompyuta yake ndi nkhalamba ngati mwini wake koma siinanamepo. Ndipo amakhala ku Herbert! Pompa, pa msewu waukulu wakumadzulo. Timadutsapo popita kwa achemwali a Orest, timathirapo mafuta.

Mwalamulo dzina lolembedwa pa Gweru ndi langa. Palibe angatsutse. Koma zikundikanda mumtima.

Lachinayi, 9 Febuluwale

Munthu sasiya nambala pa 96. Pokhapokha atamwalira.

Lachisanu, 10 Febuluwale

Sanamwalire. Msuweni wa a Orest amagulitsa matayala ku Herbert ndipo amadziwa aliyense ndi galu wake yemwe. Akuti a Epp anachita sitiroko mu Okutobala, mbali yakumanja inafa, tsopano akukhala kwa mwana wawo wamkazi, Marlys. Wandipatsa foni yake.

Ndaimba masana. Marlys mawu ake ndi a munthu wotopa. Akuti ndi iyeyo anazula makompyuta pa khoma posamutsa katundu wa bambo ake, ali m'makatoni mu galaja. Sanadziwe kuti akugwira ntchito, ankangoona kuti akudya magetsi. Sindinamuuze za 96. Ndinangoti ndine wa gulu lawo lija ndipo ndikufuna kudzawaona.

Anati ndibwere mawa. "Mwina angasangalale kuona munthu wa zinthu zawozo. Ife sitizimva, ndipo iwo anasiya kutiuza."

Ndikangowaona basi. Pakamwa ndatseka, Hollis asade nkhawa.

Loweruka, 11 Febuluwale

Ndaswa lamulo.

Msewu unali bwino, mphepo yokha kuwaza chipale pa phula. Ndinanyamula buledi wa zoumba. Marlys anandilandira pakhomo nkundinong'oneza kuti ndisayembekezere zambiri. Sakudya bwino, akukana mayi wobwera kudzawaongola miyendo, mawu amatuluka movutikira ndiye anangosiya kuyankhula. Dokotala akuti zikapitirira chonchi afunika kupita ku nyumba ya okalamba, ndipo kumeneko sakakhalitsa.

Ndinawapeza pa mpando pafupi ndi zenera, bulangeti pa mawondo. Munthu wamtali, makutu aakulu, manja a choko. Pambali pawo msuzi utazizira. Ndinadzitchula dzina, Lesia Wasyliw, ndi dzina langa la pa tsamba. Anandiyang'ana pang'ono nkubwerera ku zenera. Ndinayankhula za gulu, za Hollis, za nyengo. Zii. Ndinayamba kumva manyazi ngati wogulitsa inshuwalansi.

Kenako ndinatchula nambala ija, 15 ndi mphamvu yake yonse. Mutu unatembenuka. Anatsegula pakamwa, kulimbana nawo mawu, mpaka anatuluka. "Yanga."

Ndinati inde, yanu, inabwerera mu mulu ndipo ndinaitola ndine. Nkhope yawo inagwa mwa mtundu wina, sindingathe kufotokoza. Sanakwiye. Anangogwedeza mutu ngati akuti zonse zatengedwa kale, iyinso itengedwe. Ndinamva chisoni chachikulu, pakamwa panayabwa, ndipo ndisanaganize ndinali nditanena kale.

"Bambo Epp, yatsala ziro."

Anagwira dzanja langa ndi lamanzere lija, mphamvu ngati pulayala. Misozi mbwembwembwe. Marlys anathamanga kuchokera kukhitchini poganiza kuti agwanso. Ndinamufotokozera. Ndinawonjezanso kuti ndipempha Hollis alembe mayina awiri, lawo patsogolo, chifukwa ntchito yaikulu anaigwira ndi iwo. Ndinatchula kuti ena akubwerezabe kuyeza, koma ndinatchula motsitsa mawu, ngati mmene amawerengera zoopsa za mankhwala pa wailesi.

Ndinawaonetsa za Gweru, ziro imodzi ija. Anaseka ndi theka la pakamwa. Pochoka ndinawasiya akudya buledi wanga, chidutswa chachiwiri.

A Orest akuti ndachita bwino. Iwo sadziwa kanthu.

Lolemba, 13 Febuluwale

Marlys waimba ndili ku ntchito, mawu ake ngati munthu wina. Akuti dzulo bambo ake adya katatu. Lero alola mayi wowaongola miyendo uja kuwaimiritsa ndipo ayenda kufika pa khomo la bafa. Apempha kumetedwa ndevu. Akumupangitsa kuwerenga mphamvu za 2 mokweza, iye akalakwitsa iwo kumenya mpando.

Kenako anandiuza zinazo. Wauza abusa, ndipo dzulo analengeza m'tchalitchi. Azimayi akuphika. Mtsikana wa nyuzipepala ya m'deralo abwera Loweruka masana kudzawajambula. Ana asukulu awo akale ayamba kuimba foni, wina ali ku Calgary.

Ndinati Marlys, paja ndinanena kuti sanatsimikize. Anati inde, koma kompyuta ingalakwitse masamu?

Ndinati kawirikawiri ayi.

Madzulo ndakhala ndikudzitonthoza ndi Gweru. Ngati ndi yosagawika, yoposa iyo ndi 2 ingakhalenso yosagawika, nkukhala mapasa. Mwayi wake ndi wochepetsetsa, koma ndinakondwa kuuganizira. Ndinafuna kuwaimbira a Epp kuwafunsa ngati anayesapo. Ndadziletsa.

Lachiwiri, 14 Febuluwale

Hollis walemba. Kompyuta yoyamba, ya mayi wina wa ku Finland, yamaliza. Chotsala si ziro.

Akuti tidikire yachiwiri, mwina yolakwa ndi ya mayiyo. A Orest anabwera ndi maluwa ndi chokoleti, ndinawathokoza ngati akundipatsa risiti.

Lachitatu, 15 Febuluwale

Yachiwiri yamaliza. Si ziro. Ndipo chotsala chake chafanana ndendende ndi cha ku Finland, chilembo ndi chilembo. Awiri osadziwana sangalakwitse mofanana. Gweru ndi yogawika, ngati zinzake zonse zimene ndataya zaka zonsezi.

Hollis anandiuza kuti ndiyeze kompyuta yanga. Sizinatenge nthawi. Kachipangizo kosunga zowerengera nkoola. Ndinakagula kogwiritsidwa kale ntchito, komanso mu Novembala ndinaikankha kompyuta kuti izithamanga kuposa mphamvu yake, poona anzanga akundipitirira pa mndandanda. Pamapeto penipeni kanataya zonse nkulemba maziro okhaokha, pulogalamu nkuona ziro, nkulira. Ndine ndendende achinyamata amene a Epp ankawakalipira, kungoti ndili ndi imvi.

Hollis ndi munthu wabwino. Akuti zimachitika, nchifukwa chake pali lamulo, palibe chaonongeka poti palibe wamva. Ndinayang'ana mawu amenewo nthawi yaitali. Kenako ndinamuuza zoona. Anayankha mawu awiri okha, ndipo sindiwalemba muno.

Lachinayi, 16 Febuluwale

A Orest pa chakudya cham'mawa amvekere ndisawauze. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, salowanso pa tsamba, adziwa bwanji? Ndinati nanga nyuzipepala? Akuti nyuzipepala imeneyo amaiwerenga ndi anthu a ku Herbert okha, ndipo theka lawo amayatsira mbaula.

Ndinaimbira Marlys. Ndinamuuza zonse. Kenako anandilalatira, ndipo anali ndi ufulu wonse. Anati ndinabwera ndekha, palibe anandiitana, ndinawanyamula bambo ake mmwamba ndipo tsopano ndikufuna kuwagwetsa pansi kuti ine mtima wanga ukhale m'malo. Atatopa anayamba kulira. Anati iye auza mtsikana wa nyuzipepala kuti bambo sakupeza bwino, auzanso abusa zoona mwakachetechete, koma bambo akewo ayi.

"Lesia, akudya. Mukumva? Akudya. Musandilande zimenezo."



Tsiku lonse ndakhala ndikutembenuza. Akunena zoona onse awiri. Koma ndikakumbukira zolemba za a Epp, munthu amene anakalipira mnyamata wa ku Texas sabata yonse chifukwa cholengeza msanga, ndikuona kuti tikuwatenga ngati mwana. Anthu a tchalitchi aziwagwira chanza akudziwa, iwo okha osadziwa. Moyo wawo wonse anauthera pa kusiyanitsa chotsimikizika ndi chongooneka. Komanso mwina ndikungodzikometsera. Mwina Marlys walasa, ndikufuna kutula katundu wanga pa munthu wodwala. Kaya.

Lachisanu, 17 Febuluwale

Marlys watumiza uthenga. Akuti bambo ake akufunsa za ine, akufuna ndibwere ndi pepala la zotsatira za awiri aja. Anafunsa dzulo, afunsanso lero. Iye wathedwa nzeru. Akuti ndibwere mawa ndipo ndichite zimene ndikuona, koma zikavuta ndidziwe kuti wotsala nawo ndi iye.

Sindinaganize kuti iwo akuwerenga masiku. Nanga akanalephera bwanji, lamulolo amalidziwa kuposa ine.

Loweruka, 18 Febuluwale

A Orest anandiperekeza koma anatsala m'galimoto, akuti amvera mpira pa wailesi. Mantha basi.

A Epp anali atavala malaya oyera ndi tayi. Ometa bwino, tsitsi lopesa. Marlys sanawauze kuti wojambula sabwera. Pa tebulo panali mbale za makeke a azimayi a tchalitchi. Nditaona tayi ija ndinafuna kubwerera.

Ndinakhala pafupi nawo nkunena zonse mosazungulira. Kuti awiri aja apeza chotsala china, kuti zafanana, kuti kompyuta yanga ndi imene inanama chifukwa ndinaithamangitsa, ndiponso kuti ndinalakwa kuwauza asanatsimikize. Ndinawapatsa pepala. Analigwira ndi dzanja lamanzere nkuyendetsa chala pa mizere iwiri ija, chilembo chimodzichimodzi, ngati akuchonga mayeso. Atafika kumapeto analipinda nkundibwezera.

Anayamba kumasula tayi ndi dzanja limodzi, ikukanika, Marlys anafuna kuthandiza, anamukankha. Anaimasula okha nkuiika pa bulangeti. Kenako anatembenukira ku zenera monga ndinawapezera tsiku loyamba. Marlys anawabweretsera msuzi, sanauyang'ane. Iye anandiyang'ana ine, ndipo maso amenewo sindidzawaiwala.

Ndinakhala pang'ono, ndinapepesanso. Ndinapita pakhomo kukavala nsapato. Ndinali nditamanga imodzi pamene ndinamva mpando ukumenyedwa. Marlys anatulukira nati akukufunani.

Sanandiyang'ane. Mawu anatuluka limodzilimodzi.

"Imagawika ndi chiyani?"

Ndinati sitikudziwa. Iwo amadziwa kale, koma ndinafotokozabe, mwina chifukwa cha Marlys amene anaima pakhomo manja atapinda. Kuyeza kwathu kumangoti ayi, sikutchula nambala yoigawa. Tisanayambe kuyeza timasefa, kuyesa zing'onozing'ono mabiliyoni ambirimbiri, ndipo palibe inaigawa. Ndiye ilipo ndithu, zimenezo nzotsimikizika, koma palibe munthu padziko akuidziwa. Mwina ili ndi zilembo makumi awiri, ili pafupi pomwe sefa inalekera. Mwina ili ndi zilembo mamiliyoni atatu ndipo palibe adzaione mpaka dziko litatha.

Marlys anati zimenezo nzopusa, ungadziwe bwanji kuti chinthu chilipo osadziwa kuti ndi chiti. A Epp anatembenuka nkumuyang'ana. Ndinaona mphunzitsi akudzuka m'maso mwawo. Anayesa kumuyankha, mawu anakana, anamenya mpando mokwiya, kenako analoza ine kuti ndimuyankhe. Ndinayesa ndi 91, iye nkumati imeneyo ndi yosagawika, mpaka iwo anakweza zala zisanu, kenako ziwiri, kumuonetsa 7. Anati chabwino, 7 ndi 13, koma sizikumukhutitsa. Iwo anapukusa mutu kusonyeza kuti chitsanzo changa nchofooka, ndipo ndi zoona.

Anandifunsa pomwe sefa inalekera. Ndinawauza. Anatulutsa kamawu konyoza.

"Pafupi. Sefani mozama."

Ndinati zimatheka, munthu amalembetsa nambala yogawika kuti aisakire choigawa, kungoti ambiri safuna chifukwa mulibe ulemu ndipo mwina osapeza kanthu. Ndinati ndikakonza kompyuta yanga ndiyamba.

"Yanu ayi," anatero. "Yonama."

Marlys anaseka mosafuna, mphuno ikutuluka madzi. Anafunsa ngati akutanthauza makompyuta a m'makatoni aja. Iwo anangomuyang'anitsitsa mpaka iye anatenga jekete. Ndinamva akugogoda pa galimoto yathu kuitana a Orest kuti akamuthandize kunyamula.

Ndinatsegula tsamba pa foni yanga nkulembetsa Gweru m'dzina la C. Epp. Msuzi unali pomwepo, sanaukhudzebe, ndipo sindikudziwa ngati aukhudze. Tsamba linafunsa tsiku limene wolembetsa akuyembekeza kumaliza, ndipo silimalola kusiya posalemba. Ndinazengereza, kenako ndinawawerengera funsolo mmene lilili.

Anaganiza nthawi yaitali, maso ali pa minda yokutidwa ndi chipale.

"Nthawi yokolola," anatero. Ndinayamba kulemba Seputembala, mwezi wokolola kuno, anandigwira dzanja. "Osati chaka chino. Chamawa."